Tsabola Wapsa

Pa tebulo la mayi Lidiya, pa Musika wa m'lokeshoni ya Harare, kale pankakhala milu itatu ya tsabola. Kumanzere kunkakhala wa ku Manica, m'dziko la Apwitikizi: wofiira, wonenepa ngati chibakera cha mwana, wosawawa. Amene ankabwera naye pa sitima ankamutcha pimento, ndipo dzinalo linamukhala. Pakati pankakhala kambuzi wa kumudzi, ku Malawi, amene anthu obwera kutchuthi ankanyamula m'timatumba ta shuga kudzera msewu wa ku Tete. Kumanja kunkakhala wa m'dziko momwemo, wa ku Murehwa ndi ku Mutoko, wautali, woonda, wotchipa.

Tebulo loyandikana nalo linali la Che Nasibu, Myao wogulitsa nsomba zouma ndi mchere. Iwowa pakamwa sipankatsekeka. Tsabola wa kumanja ankamunyoza tsiku ndi tsiku, ati ali ngati tiyi wa pamaliro, mtundu ulipo koma mphamvu palibe. Ankati mayi Lidiya angomutaya, azigulitsa wakunja yekhayekha.

"Wakunja amadutsa pachipata, Che Nasibu," ankayankha mayi Lidiya. "Wa kuno amangokwera basi."

Azungu a m'dzikomo atalengeza kuti adzilamulira okha, mayiko ena anawatsekera malonda. Zitini za tsabola wopera zinasowa m'masitolo a m'tauni. Makhukhi a m'mahotela, ambiri mwa iwo Amalawi, anayamba kutsikira ku Musika kudzafuna pimento. Wosalephera kubwera anali bambo Yoramu, nkhalamba ya malaya oyera ndi njinga yakuda, amene ankafinya tsabola aliyense ndi chala chachikulu asanamuike m'dengu. Zaka zimenezo mulu wa kumanzere unali waukulu kuposa inayo.

Kenako nkhondo inafika ku Tete, msewu unadzaza mabomba okwirira, anthu anasiya kupita kutchuthi. Kambuzi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, mpaka anasiyiratu. Pakati pa tebulo panatsala thabwa lokha. Patapita zaka zingapo chipata cha ku Manica chinatsekedwa, sitima inaima. Pa thumba lomaliza la pimento, mayi Lidiya anasankhapo akuluakulu, nawang'amba, nayanika njere zake pa lichero padenga la nyumba. Njerezo anazimanga pa kansalu n'kupatsa mwana wawo Effie.

Effie anali mwana wawo yekhayo. Anabadwira m'lokeshoni, anakulira m'misewu yake, ndipo lilime lake linali la Chishona. Amake ankamulankhula m'Chichewa, iye ankayankha m'Chishona, ndipo ankamvana bwinobwino. Anakwatiwa ndi Lameki, Mshona wa ku Mutoko. Ntchito ya ku fakitale itamuthera, Lameki anabwerera kwawo ndi mkazi wake, kumene anali ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje. Kumeneko n'kumene njere za pimento zinakafesedwa. Kumeneko n'kumenenso Annet anabadwira, mdzukulu woyamba wa mayi Lidiya.

M'dzinja la 1977 Effie anabwera ku Musika ndi dengu la tomato, mwana ali kumsana. Anagona masiku ochepa. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa zimene zinkachitika ku Mutoko. Anyamata a kutchire, omenyana ndi boma, ankabwera kudzapempha chakudya, asilikali ankabwera kudzafunsa amene wawapatsa. M'madera ena boma linali litayamba kusonkhanitsa midzi yathunthu m'mipanda ya waya, imene anthu ankaitcha makipi. Mayi Lidiya anamuchonderera mwana wawo kuti asabwerere, akhale konkuno ndi mwana mpaka zinthu zitazizira. Effie anakana. Anati apongozi ake akudwala miyendo, Lameki sangathe yekha, ndipo pimento wachita maluwa dimba lonse, woyamba m'dera lonselo.

Pokwera basi anawagwira dzanja amake. "Kana yaibva ndinouya nayo ndega, Amai. Imi musauye, nzira yaipa."

"Ndamva. Koma chikachitika china, ungotuma mawu. Ndidzabwera kudzakutenga iwe ndi mwana, ngakhale wapansi."

Atabwerera ku tebulo, Che Nasibu anafunsa zimene mwana wanena. Mayi Lidiya anawauza m'chinenero chawo, monga momwe anazisungira mumtima: wati tsabola akapsa abwera naye yekha, ine ndisapite, njira yaipa.

Kuyambira pamenepo nkhondo ankaiwerenga pa matumba. Aliyense wotsitsa tsabola pa basi ankamufunsa kumene wachokera. Poyamba anasowa wa kumalire, kupitirira Mutoko. Kenako wa ku Mutoko weniweni anayamba kuchepa, thumba limodzi pamene kale pankabwera ngolo. Wa ku Murehwa ankabwerabe, koma wothyola msanga, wobiriwira, ngati wothyola munthu akuyang'ana kumbuyo. Mulu wa kumanja unkatsika mwezi ndi mwezi. Che Nasibu ankati nanga si uja munkati amangokwera basi, lero basiyo ili kuti. Mayi Lidiya ankangosuntha tsabolayo kuti aoneke wambiri.

Mvula itatha, Lachinayi lina anapita ku msonkhano wa amayi a mpingo, tebulo n'kusiyira Che Nasibu. Pobwerera masana anawapeza ataimirira, akusisita m'manja, mano onse panja.

"Amake Effie, konzani matumba. Kwabwera mawu."

"Mawu a ndani?"

"A mwana wanu. Wabwera nawo Marcos wa lori uja. Wakumana naye pa sitolo ya kwawo. Akuti tsabola wapsa."

Marcos anali wa ku Tete, woyendetsa lori ya kampani ina yonyamula katundu wa boma, ndipo ankapempherera mpingo umodzi ndi mayi Lidiya. Iwo anafunsa ngati ananena zina. Che Nasibu anati ayi, munthuyo sanazimitse n'komwe injini, anangotsika, n'kuwanong'oneza mawuwo kukhutu, n'kuthamanga. Anawonjeza kuti masiku ano anthu akunong'ona ngakhale nkhani yabwino.

Mayi Lidiya anakhala pansi pa benchi, namasula duku, nalimanganso. Inali nyengo yake. Maluwa a m'dzinja amakhala tsabola wofiira mvula ikatha. Mwana anasunga mawu ake.

Tsiku lotsatira anachapa matumba onse amene anali nawo, nawayanika pa mpanda, nawapinda bwinobwino pansi pa tebulo. Mbali ya kumanzere ya tebulolo anaikwecha ndi mchenga. Kunyumba anasuntha kabati kuti papezeke malo a mphasa ya Effie ndi mwana. Bambo Yoramu atabwera ndi njinga yawo, anawauza kuti asavutikenso, pimento wapsa ku Mutoko, angodikira matumba. Nkhalambayo inati azungu a ku hotela akhala akudya nyama yotuwa ngati bulangete la kundende, Mulungu adalitse mwanayo.

Madzulo aliwonse ankapita pamene mabasi a ku Mutoko ankaimira. Mabasi anali atachepa, ndipo amene ankafika sankatsitsanso madengu a malonda. Ankatsitsa anthu ndi mapoto awo, mphasa, nkhuku, wina chitseko cha nyumba. Anthuwo analibe kopita. Ankagona pomwepo pa Musika, kuseri kwa mabasi, m'timisasa ta mapulasitiki timene ankatimanga dzuwa likamalowa n'kutiphwasula m'mawa. Mayi Lidiya ankayenda pakati pawo kufunsa za mudzi wa Lameki. Panalibe wochokera ku kamtsinje kameneko. Mayi wina wokhala pa mtolo wake anawayankha m'Chishona osawayang'ana, kuti kwawo kwatsva, kwatsala phulusa. Mayi Lidiya anamupatsa buledi amene anagulira Annet, nathokoza mumtima kuti kwa Effie sikunafike zimenezo.

Masabata anadutsa. Tsiku lina anauza Che Nasibu kuti akuganiza zongopita. Che Nasibu anawaletsa. Anati tsabola sathyoledwa tsiku limodzi, dimba lonse lija mtsikana mmodzi ndi mwana kumsana, ndiye pali kuyanika wina, pali kudikira basi ya malo. Anati mukapita mukaphonyana panjira, inu uko iye kuno, ndipo mwana ananena yekha kuti musapite. Zonsezo zinali zomveka. Mayi Lidiya anakhala.

Kuzizira kunafika. M'timisasa ta mapulasitiki ana ankatsokomola. Tsabola wa ku Murehwa nayenso anasiya, kunatsala wa ku Domboshava, pafupi ndi tauni, mulu wokwana m'manja awiri. Marcos sankaoneka ku tchalitchi. Mkazi wake anati kampani yamutumiza kumwera. Matumba aja anagwira fumbi, mayi Lidiya anawachapanso.

M'mawa wina lori ya Marcos inaima kuseri kwa msika. Iye anabwera pa tebulo atavala chijasi, navula chipewa, napereka moni. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna munthu.

"Effie ali kunyumba? Mwana ali bwanji?"

"Sanafike," anatero mayi Lidiya. "Mwina akuyanikabe."

"Akuyanika chiyani, mayi?"

"Tsabola. Si munati wapsa?"

Marcos anayang'ana matumba opindidwa pansi pa tebulo. Anayang'ana Che Nasibu. Chipewa chija anachifinya m'manja.

"Simunapite kukamutenga?"

Mayi Lidiya anaimirira pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo. "Bambo Marcos, mwana wanga anati chiyani? Ndiuzeni mawu ake enieni, momwe anatulukira pakamwa pake."

"Anati, udzai Amai kuti mhiripiri yatsva."

Mhiripiri ndiye tsabola. M'Chishona chakupsa pamtengo amati chaibva, chakupsa ndi moto amati chatsva. Ndi mawu awiri, sangasokonezeke. M'Chichewa ndi liwu limodzi. Onse atatu ankadziwa zimenezi kuyambira kale, ndipo panalibe amene anafunika kuzinena. Che Nasibu anakhala pansi pa thumba la mchere, nagwira pakamwa.

Marcos anafotokoza motsitsa mawu. Tsiku limenelo anaima pa sitolo kuti athire madzi m'lori. Pambali pake m'galimotomo munali msilikali womuperekeza, mfuti ili pamiyendo. Effie anatulukira kuseri kwa sitolo, mwana kumsana, wopanda nsapato, chitenje chakuda ndi mwaye. Anafika pa zenera. Sakanatha kunena kuti asilikali atentha mudzi pamene msilikali akumva, ndiye ananena za tsabola. Marcos sakanatha kumukweza. Atafika ku Musika anaopa makutu a anthu, nangotembenuza mawuwo m'chinenero chakwawo, poganiza kuti mayi aliyense akamva kuti kwapsa anyamuka tsiku lomwelo.

Mawa lake Marcos anali kubwereranso njira yomweyo. Mayi Lidiya anakwera kumbuyo kwa lori, nakhala pakati pa katundu. Katunduyo anali mitengo ya mpanda ndi mikukuta ya waya waminga. Atadutsa Murehwa anayamba kuona midzi yopanda madenga, makoma ozungulira okhaokha, ndi minda ya chimanga chouma chosakolola. Sitolo ija inali yotseka, mazenera atakhomedwa malata. Marcos anawatsitsa patsogolo pang'ono, pamene kanjira kankalowera ku kipi imene anasonkhanitsamo anthu a m'deralo, nati adutsanso mawa dzuwa lili pamutu, ndipo ulendo uno pobwerera adzakhala yekha.

Kipi inali pa chidikha chopanda mthunzi. Waya wautali kuzungulira, chipata chimodzi, pakati pake linga la matumba a mchenga. Mlonda wa pachipata anamasula mtolo wawo, natenga buledi ndi shuga, ati chakudya sichiloledwa kuyenda. Anawalola kulowa. M'katimo tinyumba ta udzu tinali tothinana, zimbudzi zili pafupi ndi pophikira, fungo lake losathawika. Anafunsa dzina la Lameki kangapo. Mayi wina anawalozera ndi mlomo.

Effie anali atakhala pansi kunja kwa kanyumba, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Tsitsi anali atameta. Kumsana kwake kunalibe kanthu. M'kati mwa kanyumbako apongozi ake anali gone pa mphasa. Effie anawaona amake akubwera, koma sanaimirire.

Mayi Lidiya anagwada patsogolo pake. "Annet ali kuti?"

Effie analoza ndi chibwano kunja kwa waya, kumene kunali timilu ta dothi lofiira m'munsi mwa chulu. Apongozi ndi amene anafotokoza ali chigonere. Chikuku chinalowa m'kipi kuzizira kutayamba, chinatenga ana ambiri, wina m'mawa wina madzulo. Lameki anatengedwa ndi asilikali tsiku la moto, ndipo sanamvekenso. Effie anakhala pa sitolo paja masiku ambiri, kugona pakhonde ndi mwana, kuyang'ana galimoto iliyonse yochokera ku tauni, mpaka magalimoto a boma anabwera kudzasonkhanitsa otsala onse.

Pamenepo Effie analankhula, ndipo analankhula m'Chichewa, chimene sanachitepo chikulire.

"Ndinatuma mawu, Amayi."

"Anandipeza."

"Munati ngakhale wapansi."

"Anandiuza kuti wapsa, mwanawe."

"Inde wapsa. Nyumba, nkhokwe, dimba. Zonse zinapsa. Nanga munkafuna ndinene chiyani china?"

Pamaso pa manda a mwana, nkhani ya liwu limodzi inaoneka yopepuka kwambiri moti mayi Lidiya sakanatha kuinyamula. Anangoti, "Mawa tinyamuka."

M'mawa chipata chinkatsegulidwa kwa opita kuminda. Anatuluka pamodzi ndi anthu ena, aliyense khasu paphewa. Apongozi anakana kutsagana nawo, ati Lameki akabwera apeze munthu. Mayi Lidiya ndi Effie anaima pang'ono pa kamulu ka Annet. Panalibe mtanda, panali kapu ya pulasitiki yovundikira. Mayi Lidiya anapemphera mwachidule, Effie anaimirira chapatali.

Njira ya kumsewu inkadutsa pa dimba. Mpanda wake wa udzu ndi minga unali mzere wa phulusa. Mitengo ya tsabola inali chiimire m'mizere yake, yakuda, yopanda masamba. Pa ina pankalendewerabe tsabola wofota, wolimba ngati chikopa. Mayi Lidiya anathyola mmodzi, namuswa ndi chala. Njere zake zinali zazing'ono, zosakhwima. Moto unamupeza asanafiire n'komwe. Anamutaya, natsatira mwana wawo amene sanacheuke. Makasu anawasiya m'tchire m'mbali mwa msewu, ndipo Marcos anafika monga ananenera.

Ku lokeshoni Effie ankagona pa mphasa ija, pamalo amene kabati inasunthidwa. Ankadya akapatsidwa. Amake akamulankhula ankayankha ndi mutu. M'mawa ankapita nawo ku Musika chifukwa mayi Lidiya sankafuna kumusiya yekha, nakhala kumapeto kwa benchi, kutali ndi iwo. Che Nasibu anasiya nthabwala. Kawiri konse anayamba kulankhula ndi Effie, koma mayi Lidiya anawayang'ana, iwo n'kubwerera ku nsomba zawo. Pa tebulo panali kamulu ka ku Domboshava kumanja. Pakati ndi kumanzere panali thabwa.

Loweruka lina bambo Yoramu anafika akukankha njinga. Anali asanamve kanthu. Ataona mtsikana pa benchi nkhope yawo inawala.

"Uyu ndi mlimi wathu uja? Wafika eti. Mwana wanga, watidikiritsa. Amako anatiuza kalekale kuti pimento wapsa ku Mutoko, tingodikira matumba. Ine mpaka ndinalonjeza azungu. Tsiku lililonse amako ali ku mabasi, matumba kuchapa, kuchapanso. Ali kuti tsono, ndimuone kufiira kwake?"

Che Nasibu anaweramitsa mutu. Effie anayang'ana nkhalambayo nthawi yaitali, milomo yake ikuyenda pang'ono ngati akulawa liwu. Kenako anawerama, nayang'ana pansi pa tebulo. Matumba anali pomwepo, oyera, opindidwa mofanana, omangidwa ndi luzi.

"Amayi," anatero, "matumba awa munachapira ine?"

"Eya."

"Ndiye munkadikira kuti ndibwera nawo wofiira."

"Eya, mwanawe."

Effie sanalire. Bambo Yoramu anayang'ana mayi, nayang'ana mwana, nayang'ana kumsana kwa mwanayo, ndipo dzanja lawo linapita ku chipewa.

"Kulibe pimento, bambo," anatero Effie. "Musabwerenso kudzamufuna. Mbewu yake inatha."

Nkhalambayo inatembenuza njinga, n'kumapita wapansi osakwera. Effie anatenga thumba limodzi pa mtolowo, nalifutukula, nadzifunditsa m'miyendo chifukwa kunkazizirabe. Mbali ina ya thumbalo anaiponya pa maondo a amake.